Ulemu wa Bokosi Uli pa Chivundikiro



Nyumba zathu zambiri kuno, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi mpaka ku Salima ndi Nkhotakota, zili ndi bokosi lamalata penapake, mwina kunsi kwa bedi, mwina pakona kuchipinda kwa agogo. Ena mwa mabokosiwa adabwera ndi makolo athu pochokera ku Joni m'masiku a Wenela ndi Theba, maulendo amene adatha mu 1988, ndipo mpaka lero akadali olimba. Ena ndi okhomedwa konkuno ndi amisiri okhoma zidebe, aja timawamva akugogoda kuseri kwa msika. M'menemo timasungamo zinthu zimene mtima wathu uli pomwepo: Qur'an ndi majuzu a ana, kalata ya nikah, masatifiketi a sukulu, mapepala a munda, mkanjo wovala pa Eid, ndipo kwa akuluakulu ambiri, nsalu yoyera ya sanda imene adaigula kale podziwa kuti tsikulo silizembeka.

Pogula bokosi lotere, kaya kabati yamalata, anthufe timayang'ana kukula kwake ndi kukongola kwa penti, kenaka n'kuyamba kunenerera mtengo. Chivundikiro timangochitsegula kamodzi, gwa! n'kutseka, basi tagula. Koma ife amene takulira pakati pa mabokosiwa taona kuti mdani wa katundu kawirikawiri saboola m'mbali. Amalowera pamwamba, pamene chivundikiro chakumana ndi bokosi. Ndipo adaniwo kuno kunyanja ngambiri: chinyezi cha nthawi ya dzinja, fumbi ndi mchenga wobwera ndi mwera, mphemvu, nyerere, makoswe, ndi dontho la denga lothonya.

Nkhani ya kuvundikira si yachilendo m'chipembedzo chathu. M'mabuku a Hadith a Imam Bukhari ndi Imam Muslim muli nkhani yochokera kwa Jabir bin Abdillah (RA), yofotokoza kuti Mtumiki Muhammad (SAW) adalangiza maswahaba ake kuti kunja kukada azivundikira ziwiya, azimanga matumba a madzi, azitseka zitseko ndi kuzimitsa nyali, uku akutchula dzina la Allah. Ndipo ngati munthu alibe chovundikira chenicheni, aike ngakhale kamtengo mopingasa pa chiwiyacho. Ngati Mtumiki (SAW) adalabadira za mphika wa ndiwo, nanga ife tingatayirire bwanji bokosi limene muli Buku la Allah? Zonse tasungamo ndi amana, ndipo amana idzafunsidwa.

Pa madrasa ya kwathu kuno padali kabati yamalata imene munthu wina wakufuna kwabwino adapereka ngati sadaka. Idali yooneka bwino, ya zitseko ziwiri ndi loko wake. Koma pamwamba pake padali lata lopyapyala lathyathyathya, lothera ndendende m'mphepete mwa kabatiyo. Ana ankaikapo mabuku olemera, latalo n'kutsika pakati ngati beseni. Chaka china, madrasa itatsekera m'nyengo ya mvula, denga lidayamba kuthonya pamwamba penipeni pa kabatiyo. Madzi adadikha m'beseni muja, napeza njira pa msoko, natsikira m'kati dontho limodzilimodzi. Tsiku lotsegulira, mwalimu adapeza majuzu atamatirirana, ena atachita chuku, inki itasungunuka. Amene sakadawerengekanso tidakawakwirira mwaulemu pamalo oyera, ndipo ana atatu kapena anayi ankagwirizira juzu imodzi kwa miyezi ingapo. Loko adali chitsekere. Wakuba sadalowe, adalowa ndi madzi, ndipo madzi akatayika saoleka.

Kuchokera pamenepo takhala tikucheza ndi amisiri okhoma malata, kuyang'anitsitsa manja awo, ndipo zimene taphunzira tati tigawane nanu.

Choyamba ndi mlomo wa chivundikiro. Chivundikiro chabwino chimavala bokosi ngati kofiya pamutu, mlomo wake n'kutsikira kunja kwa bokosilo pafupifupi masentimita 3, kapena tinene zala ziwiri. Chikatero, madzi ogwera pamwamba amatsetsereka n'kudonthera pansi. Chivundikiro cholowa m'kati mwa bokosi chimaoneka chaudongo, koma mpata wozungulira m'mphepete mwake umasanduka ngalande yolondolera madzi ndi fumbi ku katundu wanu. Pa kabati yoimirira, denga lake lipitirire pang'ono kutsogolo kwa zitseko, monga mmene khonde litetezera khomo, ndipo lipendekeke pang'ono kuti madzi asapeze pokhala.

Chachiwiri ndi kulimba. Lata lathyathyathya ndi lofooka, koma likapindidwa limapeza mphamvu. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amadinda mizere iwiri yodutsana kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake, kuti pakati pa chivundikiro patukuke pang'ono ngati kamsana. Chivundikiro chotere sichitsika pakati, ndipo sichilira phofo-phofo mukachigwira. Chikakhala chachikulu, amakhomerera kachitsulo kopingasa kunsi kwake. M'mphepete namo apinde, ndipo ngati n'kotheka akulungiremo waya, monga achitira pa mkombero wa chidebe. Kupindako kumalimbitsa mlomo, kumabisa mpeni wa lata umene umacheka zala za ana, ndiponso kumateteza malo odulidwawo, pakuti dzimbiri limakonda kuyambira pamene sizasi idadutsa, pomwe chitsulo chatsala pamtunda.

Pa nkhani ya makulidwe, tisasokonezeke ndi manambala. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala. Lata la 26 geji ndi lokhuthala ngati theka la milimita, ndipo ndi lolimba kuposa la 28 kapena 30 geji. Bokosi likhoza kukhala la lata lopyapyalako, koma chivundikiro, chimene chimatsegulidwa tsiku ndi tsiku, chimene ana amakhalapo ndipo amayi amaikapo dengu, chiyenera lata lokhuthala. Ngati ndalama zachepa, ndi bwino kuchepetsa kukula kwa bokosi kusiyana ndi kupeputsa chivundikiro.

Chachitatu ndi mahinjesi. Apa ndi pamene mabokosi ambiri amafera. Hinjesi yokhomedwa pa lata lopyapyala popanda kachigamba kachitsulo kuseri kwake imang'amba latalo pang'onopang'ono, chivundikiro n'kuyamba kukhala chopenama. Bokosi lalitali likhale ndi mahinjesi atatu. Likhalenso ndi katcheni m'kati kogwira chivundikiro chikatseguka, kachilole kupitirira pang'ono poimirira kuti chitsamire kumbuyo. Popanda katcheniko chimagwera kumbuyo n'kuzula mahinjesi, ndipo kakafupika chimagwera kutsogolo pa zala kapena pamutu pa amene akufunafuna chinthu m'katimo.

Komatu chachikulu pa zonse n'chakuti chivundikiro chimatsata chimene chikusungidwa. Palibe chimodzi choyenera zonse.

Mabuku ndi nsalu zimafuna kupuma. Tonse tikudziwa mmene denga lamalata limachitira thukuta m'mamawa. Chivundikiro cha bokosi nacho chimatero: masana mpweya wa m'kati umatentha ndi kunyamula chinyezi, usiku lata likazizira chinyezicho chimasanduka timadontho kunsi kwa chivundikiro n'kugwera pa katundu. Tidaonapo sanda ya gogo wina wa m'mudzi mwathu, imene adaisunga zaka zambiri, itatuluka ndi mabanga ofiira a dzimbiri m'mapindiro monse pa tsiku limene inkafunika. Achibale adathamangira kusitolo pamene janaza inkadikira. Choncho bokosi la mabuku ndi zovala likhale ndi timabowo ting'onoting'ono m'mbali, kunsi kwa mlomo wa chivundikiro kumene mvula siifika, totchingidwa ndi sefa kuti mphemvu zisalowe. Kunsi kwa chivundikiro kumatidwe katoni kapena kathabwa kopyapyala. Bokosilo likhale pa njerwa kapena pa timatabwa, lisagunde pansi kapena khoma, ndipo mvula ikatha tizitulutsa katundu n'kumuyanika pamthunzi podutsa mphepo.

Chimanga ndi nyemba zimafuna zosiyana kotheratu. Nankafumbwe wamkulu uja, amene adalowa m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amaboola matumba ngakhalenso mitengo ya nkhokwe, koma lata limamukanika. Ichi n'chifukwa chake alangizi a zaulimi adayamba kulimbikitsa nkhokwe zachitsulo. Mphamvu ya nkhokwe yotere yagona pa zivundikiro zake ziwiri, chothirira pamwamba ndi chotulutsira m'munsi. Zonse zimayenera kuthina, n'kumangidwa ndi mphira wa chubu kuti mpweya usalowe. Ena amayatsa kandulo m'kati asanatseke kuti ithe mpweya wotsalawo, ndipo tizilombo timafa tokha popanda mankhwala. Koma chimangacho chiyambe chauma gwa. Njira yodziwira njapafupi: ikani chimanga pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani ndi kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume, ndipo mukachitsekera chidzachita chuku. Ufa, mpunga ndi shuga wa futari, zimene timagula zambiri Ramadan ikayandikira, zimafunanso chivundikiro chothina chokhala ndi mphira m'mphepete, ndipo zizikhala m'matumba ake, osati kukhuthulira pa lata. Mchere ndi feteleza zokha zisalowe m'bokosi lamalata, chifukwa zimadya chitsulo.

Mankhwala a kuchipatala, a m'munda ndi a makoswe amafuna loko, ndipo kiyi akhale ndi wamkulu. Koma pa nkhani ya loko pali chenjezo limene tikupempha kholo lililonse lilisunge. Bokosi lalikulu limene mwana angathe kulowamo lisakhale ndi chokowera chodzitsekera chokha chivundikiro chikagwa. Ana amakonda chibisalirano, ndipo bokosi lopanda kanthu limawaitana. Mwana akalowa, chokowera n'kugwera pa mphete yake kunja, sangathe kudzitsegulira, mawu ake samveka patali, ndipo mpweya m'katimo sukhalitsa, makamaka m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Bokosi lotere likhale ndi timabowo ta mpweya, ndipo lizikhala lokhoma ndi loko nthawi zonse, kapena chokoweracho chichotsedwe.

Tinenenso poyera kuti palibe chivundikiro chimene chingaletse chigumula. Mu 2024 nyanja idakwera n'kulowa m'nyumba zambiri za m'mphepete, ndipo bokosi likamira madzi amalowa basi. Amene tili kufupi ndi madzi tiike makalata ofunika m'pepala lapulasitiki lomanga bwino tisanawaike m'bokosi, ndipo mvula ikakula bokosilo tilikweze pamwamba.

Nanga tingadziwe bwanji kuti chivundikiro n'chabwino tisanapereke ndalama? Pitani nokha kwa mmisiri, pajatu kandimverere adakanena za m'maluwa. Mufotokozereni chimene mudzasungemo ndi pamene bokosilo lidzakhale. Ntchito ikatha, tsekani bokosi n'kuthira kapu ya madzi pamwamba, muone kumene apite. Panikizani kapepala pakati pa chivundikiro ndi bokosi mbali zonse zinayi. Pamene kakusololoka mosavuta, pamenepo pali mpata. Ikani tochi yoyaka m'kati pamalo a mdima, kuwala kudzakuonetsani njira ya mphemvu. Mpata wolowa pensulo ndi khomo lokwanira kakhoswe kakang'ono. Yendetsani chala m'mphepete monse mosamala kuti mumve ngati pali pocheka. Pomaliza tukulani chivundikiro ndi dzanja limodzi pa ngodya, chikapotoka, n'chofooka.

Kwa abale athu amisiri, ntchito yanu ili ndi mbiri yolemekezeka. Mu Surat Saba, ndime 10 ndi 11, tikumva za Mneneri Dawud (AS) amene Allah adamufewetsera chitsulo, namulamula kuti popanga malaya ankhondo aziyeza bwino mphete zake. Ngati mneneri adauzidwa kuyeza, mmisiri wa lero asachite manyazi kugwira tepi kawiri asanadule. Musabise lata ladzimbiri kunsi kwa penti, ndipo wogula akafuna chotchipa, muuzeni zoona za chimene adzataye. Ifenso ogula tileke kunenerera mpaka mmisiri atsale wopanda phindu, chifukwa ndalama imene tamudula amakaichotsa pa waya, pa hinjesi yachitatu ndi pa makulidwe a lata. Timupatse malipiro ake pa nthawi yake.

Mvula isanagwe, makomiti a mizikiti ndi madrasa ayendere makabati awo, ndipo m'nyumba zathu tikoke mabokosi aja kunsi kwa bedi. Pamene pachita dzimbiri tipale ndi kupaka penti, mahinjesi tiwadonthezere oyilo, ndipo chivundikiro chopenama tipite nacho kwa mmisiri, pakuti kukonza chivundikiro n'kotchipa kusiyana ndi kugula Qur'an, sanda kapena thumba la chimanga. Tikatero titseke ndi Bismillah, zotsalazo tisiye m'manja mwa Msungi weniweni.

Allah atisungire mabanja athu, ana athu ndi zonse zimene adatisungitsa. Ameen.