Dothi la kuchigwa silifuna phuma

Ndimaumba njerwa kufupi ndi Ngabu, ndipo dothi lomwe latizinga kuno, makande akuda olimapo thonje aja, ndi lomwe sindilifuna m'chikombole changa. Likanyowa limafufuma, likauma limang'aluka. Njerwa ya makande okhaokha imasweka isanaone n'komwe moto, makamaka ndi dzuwa la mu Okutobala. Choncho ndimasaka dothi la pachulu, n'kuthiramo mchenga wa kumtsinje, kuponda, n'kulisiya ligone. Zidina ndimazifunditsa udzu kuti ziume pang'onopang'ono.

Madzinso ngosankha. Mijigo yambiri kuchigwa kuno imatulutsa amchere, ndipo ukapondera amenewo khoma limadzatuwa m'munsi, njerwa n'kumanyenyeka. Mphwanga amene akuphunzira za zitsulo ndi zipangizo ku MUST, ku Thyolo, akuti mcherewo ukamauma umakula m'timibowo ta njerwa n'kumaiphwanya kuchokera m'kati. Bola kulipira ngolo ikatunge kutali.

Za moto ndiye timachezerana mpaka usiku. Iye akuti kutentha kukafika cha m'madigiri 550, dongo limataya madzi omwe adamangika m'thupi mwake, ndipo silingabwererenso kukhala matope. Pa 573 timiyala ta mchenga timafufuma mwadzidzidzi, pozizira n'kubwereranso; n'chifukwa chake uvuni wosonkhezera mwaphuma, kapena wophwasula usanazizire, umapatsa zibenthu. Kulimba kwenikweni kumayamba cha m'ma 900. Ine choyezera ndilibe. Utsi ukadali woyera ndimadziwa kuti chinyezi chikutuluka, nkhuni ndimaponya mowerenga. Ukatha m'pamene ndimasonkhezera usana ndi usiku, kenako kumata makomo ndi matope. Pophwasula ndimagundanitsa ziwiriziwiri: yakupsa imati ngwee, ya m'mphepete imangoti phu, ndipo imeneyo sindigulitsa pa mtengo umodzi ndi inzake.

Madzi osefukira a 2015, a namondwe Idai mu 2019 ndi a namondwe Freddy mu 2023 adasungunula nyumba za zidina ngati shuga wa ku Nchalo m'tiyi. Koma ndidaonanso za njerwa zootcha bwino zitagwa, chifukwa eniake adamangira matope, maziko osakweza. Njerwa timazitola zamphumphu.

Kuyambira 2018 lamulo sililola njerwa zootcha pa zomanga za boma, ati mitengo yatha. Zoona zimenezo, nkhuni ndikuzigula modula chaka ndi chaka. Njerwa za dothi lothira simenti zopanikiza ndi makina ndayamba kuziphunzira, koma makande amakananso simenti yochepa. Ndamutuma mphwanga atenge dothi la pachulu changa m'jumbo, akaliyeze kuti likufuna yochuluka bwanji.