Batani Lofiira ndi Bangwe wa Bambo

Bambo anga anayamba kuimba bangwe ali mnyamata, koma mpaka kufika zaka 76 panalibe munthu amene anawajambulapo. Atabwera kwathu ku Lilongwe m'chaka cha 2022 kudzalandira thandizo la kuchipatala, anafika ndi bangwe wawo atamukulunga m'chitenje cha malemu mayi. Ine ndinali ndi laputopu yakale, maikolofoni imodzi ndi kabokosi kolumikizira ziwirizi, zimene ndinagula pang'onopang'ono kuti ndizijambulira kwaya ya kumpingo kwathu. Nditaona momwe thupi lawo linatsikira, ndinadziwa kuti ndikazengereza ndidzalira.

Vuto loyamba linali laputopuyo. Ikatentha, fani yake inkalira ngati chigayo chakutali, ndipo maikolofoni inkatola phokoso lonselo. Choncho ndinaiika kuchipinda, waya n'kumudutsitsa kunsi kwa chitseko mpaka pabalaza. Izi zinabala vuto lachiwiri, lomwe linali lalikulu. Bambo akayamba kukhwatcha nsambo uku tikucheza, ine ndinkadzuka n'kunena kuti, "Tadikirani pang'ono, Bambo," n'kuthamangira kuchipinda kukadina batani. Pobwerera ndinkawapeza atakhala chiwongokere ngati mwana wasukulu pamaso pa ahedi. Mawu ankauma, zala zinkaphonya. Tsiku lachitatu anaika bangwe pansi.

"Iwe, nyimbo si galimoto yoliza ndi kiyi," anatero. "Ukati 'yambani', yathawa kale."

Amene anandipulumutsa ndi mwana wanga wachisamba, yemwe panthawiyo anali Fomu 3. Pulogalamu imene ndimajambulira ndi REAPER, yopangidwa ndi kampani ya ku America ya Cockos, ndipo inatuluka koyamba mu 2006. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti m'kati mwake muli njira yoti foni ya m'manja izilamulira kompyuta. Mnyamatayo anatsegula Wi-Fi pafoni yanga, nalumikiza laputopu, kenaka analemba timanambala ta adiresi ya laputopuyo pamalo amene timalembapo tikamasaka zinthu pa intaneti. Nthawi yomweyo pafoni panaoneka mabatani: lojambulira lofiira, loimitsira, lomvetserera, ndi manambala osonyeza mphindi zimene zadutsa. Panalibe chogula, ngakhale bandulo simafunika, chifukwa zipangizo ziwirizi zimangolankhulana zokha m'nyumba momwemo. Anandiuzanso kuti a Apple ali ndi yawo yotchedwa Logic Remote, ndipo a Cubase ali ndi yawonso, koma ine zimenezo sizinandikhudze. Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti foniyo sijambula kanthu. Mawu amayendabe pa waya kupita ku kompyuta. Foni ndi mthenga chabe, imangonyamula lamulo lakuti yamba kapena leka.

Sindinafune kuwajambula mwakuba, pakuti munthu wamkulu sachitidwa zotero. Ndinawafotokozera kuti tsopano ndizikhala nawo pamphasa, ndipo ndizidina batani osawauza nthawi. Anayang'ana foniyo kwa kanthawi.

"Bola usandiuze," anayankha.

Kuyambira pamenepo zinthu zinasintha. Tikadya nsima madzulo ndinkakhala pambali pawo, foni ili pansi pafupi ndi bondo langa, n'kuwafunsa za kumudzi ku Dedza, za anzawo amene ankayenda nawo m'mamowa, za chaka chimene anapita kukagwira ntchito kumigodi. Nkhani ikafika pokoma, dzanja lawo linkapita lokha pa bangwe, ndipo chala changa chinkapita chokha pa batani lofiira. Pa masabata atatu tinajambula nyimbo 14. Muli kutsokomola, muli phwete la mdzukulu wawo, mwina mumamveka mayi a kunyumba akutsuka mbale. Mnzanga wina wa kuofesi yemwe amadziwa za situdiyo anati zonsezo tizichotse, ine ndinakana.

Koma pali usiku umodzi umene sindiuiwala. Magetsi anali atazima, laputopu ikuyendera batire, ife tili pa kandulo. Bambo anayamba kusimba momwe anafunsirira mayi, ndipo mosayembekezereka anaimba nyimbo imene ndinali ndisanaimvepo chibadwire, ya mawu apansipansi, yotchula dzina la mayi la paubwana. Ndinadina osayang'ana, poopa kuti kuwala kwa foni kungawadzidzimutse. Atamaliza tonse tinakhala chete nthawi yaitali. Atapita kukagona ndinathamangira kuchipinda, ndipo ndinapeza kuti palibe chimene chinajambulidwa. Foni inali itazima yokha chifukwa chokhalitsa osaigwira, ndipo chala changa chinangogunda galasi lakuda.

M'mawa mwake ndinaulula, n'kuwapempha kuti aibwereze. Anandiyang'ana mopanda mkwiyo.

"Ija inali ya amako," anatero. "Waimva iwe, basi."

Ndinawapemphanso kawiri asanabwerere ku Dedza, koma anangoseka. Mwana wanga anandisonyeza pomwe amasinthira kuti foni isamazime yokha, ndipo masiku ano ndikamajambula kwaya ndimaima pakati pa oimba, diso limodzi lili pa manambala kuti ndione ngati akuyenda. Nyimbo 14 zija ndinaziika pa kamemore kadi n'kuwatumizira, ndipo alongo anga akuti amazimvera pa wailesi yaing'ono pakhonde, uku akudzudzula woimbayo kuti pena anathamanga.