Tisanagwetse, timayamba tagogoda

Ntchito zambiri zomwe ndimapeza kuno ku Lungwena masiku ano zimachokera kwa anyamata a ku Joni. Akatumiza ndalama, uthenga umakhala umodzi: gwetsani nyumba ya bambo, mumange ina. Amafuna chithunzi cha maziko atsopano pa WhatsApp. Ine ndimayamba ndaizungulira kaye nyumbayo, wophunzira wanga ali pambuyo.

Ndimamuuza agogode khoma ndi chigwiriro cha chipande. Pulasitala akalekana ndi njerwa amalira ngati ng'oma. Ameneyo ngongomatula, khomalo lilibe mlandu. Kamng'alu kotsata mizere ya njerwa timangokamata. Koma mng'alu wochokera pansi, wonka nukula pokwera, ukunena za maziko, ndipo pamenepo sindinyengerera munthu. Tikatero timakwera kudenga kukabaya mitengo ndi msomali, poti chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu looneka bwinobwino.

Nyumba ikapezeka yolimba, timakweza khoma mizere ingapo, kuthira bimu, kukulitsa mawindo a mbali ya kunyanja kuti kamphepo kazilowa (kuno Okutobala sasewera), n'kutalikitsa khonde kuti mvula isamamenye m'munsi mwa khoma. Golosale yotsekedwa imasanduka madirasa kapena sukulu ya mkaka.

Ngakhale yofunika kugwetsa, sitiilowera ndi hamala. Akale ankamangira dothi, choncho njerwa imazuka yathunthu, kungoipala n'kuisanja pambali. Yomangira simenti imasweka m'manja. Wophunzira amaona ngati ndikumuzunza, mpaka tsiku lomwe adzafunse yekha mtengo wa nkhuni zootchera uvuni, n'kuyang'ana momwe mapiri a ku Namizimu akuyerera. Paja mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zaboma ndi zamalonda, koma kumudzi uvuni ukufukabe.

Ku MUBAS ku Blantyre amaphunzitsa ojambula mapulani a nyumba. Atati andibwereke ana amenewo, ndingawatengere pa boma, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe pali Lake Malawi Museum. Nyumba imeneyo inali Gymkhana Club, pocheza azungu m'masiku omwe Mangochi ankatchedwa Fort Johnston. Asanaloze zoonetsedwa m'katimo, ndingawapatse tepi kuti ayeze kunenepa kwa khoma, apeze pomwe mmisiri wina anadzagwirapo pambuyo pake, andiuze chomwe iwo akanasiya ndi chomwe akanachotsa.