Sienta Yodana ndi Chisanu pa Mtunthama

Mu Juni, pa Mtunthama kumacha ndi chisanu cholowa m'mafupa. Isanakwane 6 koloko malole a mabelo a fodya anyamuka kale kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma, ndipo pa galaja ina ya m'mbali mwa msewu anyamata a sipanala akuwotha moto wa makatoni. Galajayo ndi mthunzi wa mtengo, dzenje limodzi ndi kontena yosungiramo zitsulo. Nyengo ino ndalama ya fodya ili m'manja, choncho aliyense amene anaimika galimoto pa njerwa nthawi ya dzinja wakumbukira kuti ali nayo.

Yoyamba kufika ndi Toyota Sienta ya matola, yokankhidwa ndi anyamata a kabaza. Dalaivala akudandaula kuti m'mawa imavuta kulira, nyali ya Check Engine siizima, ndipo fani imangozungulira ngakhale injini ili zii. Wagula kale sensa yatsopano ya kutentha kwa madzi ku Kasungu, wina anamuikira, koma matenda ali pomwepo.

"Madala, galimotoyi andilodzera," akutero.

"Tsegulani kaye boneti, achimwene," akuyankha mkulu wa galajayo, osaseka.

Sakuigwira msanga. Pali njinga yamoto ya mphunzitsi yoduka tcheni, pali thirakitala ya ku esiteti yodontha dizilo, pali mayi amene wabwera ndi khasu loti amuwotcherere. Cha m'ma 9, galimoto zonyezimira zikudutsa kulowera ku Kamuzu Academy, sukulu imene Dr Kamuzu Banda anatsegula mu 1981. Zimenezo siziima pano.

Dzuwa litakwera, mnyamata wamng'ono pa onse ndi amene akuitanidwa, chifukwa ndiye ali ndi foni. Akulumikiza kachipangizo pa soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero cha Sienta ija, foni n'kuonetsa P0115, ndi kutentha kwa madzi a mu injini -40. Pa Mtunthama sipanazizirepo chotero chilengedwere. Nambala imeneyo imatuluka pamene kompyuta ya galimoto sikumva chilichonse kuchokera ku sensa. Ikatero imangoganizira kuti injini ili pa madigiri 80, n'kuyatsa fani kuti pasapse kanthu. Ndiye chifukwa chake m'mawa galimoto imakana: injini yozizira imafuna petulo wochulukirapo, koma ikupatsidwa wa injini yotentha kale.

Kasensako n'kakang'ono ngati chala, kamamangidwa pamene madzi amatulukira mu injini, ndipo kali ndi mawaya awiri. Kompyuta imatumiza mavoti 5, sensa n'kumatchinga magetsiwo molingana ndi kutentha kwa madzi. Akazizira imatchinga kwambiri, akatentha imamasula. Mkulu uja akuimasula, akuyeza ndi mita: ma ohm opitirira pang'ono 2,000. Akutuma mnyamata ku tiyirumu kukapempha madzi a m'ketulo, akuviika nsonga yake, nambala n'kutsika mpaka cha m'ma 300. Sensa ilibe mlandu. Mwina ngakhale yakale ija, imene inatayidwa, inalibenso.

Apa m'pamene pamaonekera kusiyana kwa makaniko ndi wongosintha zitsulo. Madala akutenga kawaya kakafupi, akulumikiza mabowo awiri a pulagi ya sensa. Mawaya akanakhala abwino mpaka ku kompyuta, foni ikanalumpha kufika pa 140. Yakhalabe pa -40. Ndiye kuti njira yaduka penapake.

Kufufuza kwake n'kotopetsa, ndipo kukudya masana onse. Ena apita kukadya tchipisi pa chiwaya, ambulansi yadutsa kulowera ku chipatala cha St Andrew's, dalaivala wayimbiridwa kangapo ndi mwini galimoto. Mnyamata akusenda tepi pang'onopang'ono, madala akugwedeza mtolo wa mawaya uku diso lili pa foni. Kuseri kwa injini nambala ikuphethira, kenako n'kubwerera. Pamenepo pali waya wotafunidwa, ndi zitosi za khoswe pambali pake. Galimotoyi imagona pafupi ndi nkhokwe ya chimanga, ndipo usiku wa chisanu injini yofunda ndi malo abwino kwa makoswe.

Kulumikiza sikutenga nthawi. Madala sakufuna zongopota ndi zala, akuwotcherera ndi soda, akukulunga bwino, mnyamata n'kufufuta P0115 ija. Injini ikulira kamodzi, fani ili chete, nambala ikukwera pang'onopang'ono, koma ikukakamira cha m'ma 60. Apa patulukira nkhani ina: thermostat mulibe. Wina anaichotsa kalekale, poti amati kuno n'kotentha, siifunika. Chizolowezi chimenechi chawonongetsa petulo wambiri m'dziko muno, chifukwa injini yosafika pa kutentha kwake imamwa mafuta mosaleka. Mu redieta namonso muli madzi a pa mjigo, ofiira ndi dzimbiri.

"Thermostat mukagule, ndi coolant yemwe," akutero madala.

"Ndimva kwa abwana."

Madzulo malole akubwerera opanda fodya, alimi atakhala pamwamba ndi matumba a feteleza ndi malata atsopano. Pa galaja yayamba nkhani ya malipiro. Dalaivala sakumvetsa kuti alipire bwanji ndalama yonseyo pa kawaya kosakwana chikhatho, pamene sipanalowe chitsulo chatsopano. Madala akumuuza kuti akafunse uja anamugulitsa sensa ngati angamubwezere ndalama. Akukangana mpaka okwera opita ku Kasungu adzaza galimoto, dalaivala akupereka theka, lina akuti mawa.