Mtengo wa Kufunda

Usiku wina mu July 2024 ndinali kuconga mapepala a ana a Grade 11 pa kandulo, mapazi ali pafupi ndi mbaula. Malaiti anali atapita kuyambira m'mawa cifukwa madzi ku Kariba anali atatsika kwambiri. Ndipamene aSisi anatuma foni kucokera ku Leeds, kumene amagwira nchito ya unesi.

"Iwe mphunzitsi wa sayansi, undiuze zoona," anatero. "Boila yanga ya gasi yafa. Akuti ndiike heat pump. Kodi bilu idzatsika?"

Ndinawafotokozera monga ndimacitira m'kalasi. Makinawa ali ngati firiji yotembenuzidwa. Firiji imacotsa kutentha mkati ndi kukutaya kunja, ndiye cifukwa cake kumbuyo kwake kumafunda. Heat pump imatapa kutentha mu mpweya wa panja, ngakhale kukuzizira, ndi kukulowetsa m'madzi oyenda m'mapaipi a m'nyumba. Ikadya yuniti imodzi ya magetsi, imapereka kutentha kwa mayuniti pafupifupi atatu. Boila ya gasi imabweza kocepera pa yuniti imene yadya.

"Ndiye kuti zili bwino!"

"Yembekezani, aSisi," ndinatero. Ku Britain yuniti ya magetsi imadula pafupifupi kanai kuposa ya gasi, motero phindu lija limathera pomwepo. Nyumba ikakhala yotaya kutentha, kapena ma radiator akakhala aang'ono, bilu ikhoza kukwera. Boma limathandiza ndi £7,500 ku England ndi Wales, koma zotsalazo zimacokera m'thumba la mwini nyumba, ndipo kawirikawiri zimaposa mtengo wa boila yatsopano.

Anakhala cete. Kenaka anati, "Nanga mankhwala a BP a amai?"

Apo ndipamene ndinamva funso lenileni. Akaika makinawo, miyezi ingapo sadzatumiza kanthu ku Chipata. Anandiuzanso zimene anabisa zaka zonse: kuti mu January amazimitsa boila usiku ndi kugona atavala jekete, kuti ndalama ya kumudzi isacepe, pamene mwana wao ali ndi mphumu. Heat pump imagwira bwino ikamafunditsa pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo ndico anali kufuna cifukwa ca mwanayo.

Manyazi anandigwira. Ine ndinazolowera kusintha mapaundi ao kukhala makwaca m'mutu mwanga, koma sindinafunsepo kuti amagona bwanji.

"Ikani," ndinawauza. "Za amai mundisiyire ine mpaka Isitala."

Ndinalankhula ngati munthu wolemera, pamene malipiro anga amafika atadulidwa kale ndi nkhongole. Miyezi imeneyo ndinaphunzitsa matyushoni pa Ciweru, ndipo thumba limodzi la malasha ndinalikoka mpaka kutha kwa mwezi.

Makinawo anaikidwa mu October. Bilu inangotsika pang'ono, makamaka cifukwa anacotsa mita ya gasi ndi kuleka kulipira ndalama yake ya tsiku ndi tsiku. Masamu anga sananame. Koma mu February anatumiza cithunzi ca mwana akulemba homuweki pansi, wopanda jekete, kunja kuli cipale cofewa.

June akafika ndimayatsabe mbaula yanga kuno ku Chilenje, ndipo ndimaitulutsa ndisanagone, popeza mpweya wa malasha umapha m'cipinda cotseka. Amai nawonso ndimawakumbutsa zimenezi pa foni. Mankhwala ao tsopano timagawana ndi aSisi, mwezi uno iwo, wamawa ine.