Chithunzi cha pa ubatizo



Mvula ya mu January inalowa m'nyumba mpaka mu sutikesi ya pansi pa bedi. Pobwera ku msika ndinapeza zithunzi zonse zamatirirana. Pakati pake panali cha pa ubatizo wanga, malemu amai atandinyamula, atate ali pambali. Chimodzi chokha, kulibe china. Mwaphuma ndinakoka, nkhope ya atate inasendeka. Ndinalira, ine wa imvi.

Manje imwe musachite zanga. Zikamatirirana, ziviikeni m'madzi oyera ozizira, muzilekanitse pang'onopang'ono zikafewa. Osapukuta kumaso. Yanikani chagada pa nsalu, mumthunzi, cifukwa dzuwa limazipinda. Chong'ambika osamata selotepu, pakapita zaka imasiya chikasu. Zikauma, jambulani ndi foni, mutumizireko abale pa WhatsApp.

Ndipo lembani maina kumbuyo ndi pensulo. Pa chithunzi chija pali agogo ena a chitambala choyera, aseka. Wondiuza dzina lao anali amai. Sindinafunse.

Imwe amene makolo akali moyo, lelo mukalongedza katundu, pitani ndi zithunzi mukafunse.

Ambuye akhale nanu.