Bwalo Limatenthedwa ndi a M'mbali

Pa bwalo la gule maso onse amakhala pa wovina, koma amene amalitenthetsa ndi a m'mbali: oimba ng'oma, amayi owomba m'manja, ana okwera mumtengo. Opanga masewera omenyana a pakompyuta anazindikira zimenezi kalekale. Mu Street Fighter II, amene kampani ya Capcom inatulutsa mu 1991, Chun-Li amaponya zibakera pamsewu wa ku China anthu akudutsa panjinga kumbuyo kwake, pamene kwa Dhalsim njovu zimatukula zitamba. Palibe mmodzi wa iwowa amene amamenya nawo, komabe atachotsedwa pangatsale chithunzi chozizira.

Mu 1999 gulu la Elecbyte linatulutsa M.U.G.E.N, pulogalamu yolola aliyense kudzipangira omenyana ndi mabwalo ake. Ndi imene bambo wina wa ku Nkhotakota, wokonza mafoni ku Johannesburg, amacheza nayo akaweruka. Mwana wake anabadwira komweko, Chichewa amangochimva osachiyankhula, ndipo nyanja ya kwawo sanaionepo. Nkhani za kumudzi zimamugonetsa tulo, koma masewera omenyana angachezere nawo. Choncho bamboyo anaganiza zomumangira bwalo la padooko.

Kujambula mchenga ndi madzi sikunavute. Ntchito inagona pa kuziyendetsa. Mu M.U.G.E.N zithunzi zonse za bwalo zimasungidwa mu failo ya SFF, ndipo malangizo amalembedwa mu failo ya DEF. Chinthu choti chiziyenda chimalembedwa kuti ndi cha mtundu wa anim, kenako mzere uliwonse umatchula chithunzi chimodzi ndi nthawi imene chikhale chikuoneka. Sekondi imodzi imagawidwa m'tizigawo 60. Bamboyo anajambula funde m'zithunzi 8, chilichonse tizigawo 6, kotero kuti limabwerera poyambira pakatha tizigawo 48. Mayi wotembenuza usipa pathandala anamupatsa zithunzi 5 za tizigawo 14, zonse pamodzi 70. Anachitira dala kuti ziwerengerozo zisiyane. Zikanafanana, mayiyo ndi funde akanamayendera limodzi ngati asilikali pa perete, ndipo diso likanagwira bodzalo msanga. Mmene zililimu, awiriwa amakumananso poyambira pakapita masekondi 28.

Palinso nambala yotchedwa delta, imene imanena liwiro limene chinthu chisunthire omenyana akamapita kumanja kapena kumanzere. Mchenga umene aimapo umapatsidwa 1, kuti usaterereke pansi pa mapazi awo. Mapiri a ku Mozambique, amene amaoneka kutsidya kukacha bwino, anawapatsa 0.2, kuti azisuntha pang'ono chabe monga zimachitira zinthu zakutali munthu akamaziona ali m'basi. Bwato analiika pakati pa ziwirizi.

Manambala sanali ovuta kuposa kukumbukira. Kodi wopalasa bwato amapalasa kangati mbali imodzi asanatembenuze nkhafi? Kodi mwera ukamaomba mafunde amabwera motalikirana bwanji? Bamboyo anakulira padooko, koma zimenezi sanaziwerengepo. Anapempha mlongo wake kuti amujambulire kavidiyo pafoni, nakaonera mobwerezabwereza, akuimitsa pa chithunzi chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapeza kuti mayi wa pathandala satembenuza usipa mosalekeza: amaima, n'kuyang'ana kunyanja, n'kupitiriza. Kaimidwe kameneko anakapatsa chithunzi chakechake.

Zina anazisiya mwadala. Mtambo wa nkhungu ukufuka pamadzi ndi wokongola, koma wakuda ndi waukulu, ndipo ukanabisa mwendo wa womenya pamene wosewera ayenera kuuona kuti atchinge. Mitundu ya kumbuyo anaizimiritsa kuti omenyana aonekere. Woimba ng'oma waluso salanda bwalo kwa wovina.

Mwanayo sanayamikire chilichonse, monga achitira ana. Anasankha bwalolo, napambana, nalisankhanso. Patapita masiku anafunsa m'Chingelezi kuti mayi uja akuyang'ana chiyani kunyanja. Anayankhidwa m'Chichewa kuti akudikira asodzi amene anapita usiku ndi nyali, ndipo anafunsanso kuti nyalizo n'zachiyani. Tsopano bamboyo akujambula bwalo lachiwiri, la usiku, la nyali zophethira patali pamadzi, iliyonse ndi nthawi yakeyake.